Za magetsi a dzuwa ndi amphepo kuchigwa cha Shire

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi abale athu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene akusonkhanitsa ndalama za thonje, za mbuzi kapena za ganyu ya kunzimbe kuti aike magetsi awoawo panyumba. Ife ndife amisiri oika ndi kukonza sola kuchigwa kuno, ndipo zimatiwawa kuona batire yogulidwa ndi ndalama za ng'ombe yathunthu ikufa chaka chisanathe, mwini wake n'kumati sola ndi bodza.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo amaunikira magetsi, ndipo m'midzi yambiri yakutali ndi msewu wa M1 mapolo a ESCOM sadafikebe. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka 2023, ngakhale okhala pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula amene ali ndi magetsi a ESCOM adayamba kufunsa za sola. Ogulitsa nawo adachuluka, ndipo ena ayamba kunyengerera anthu kuti agulenso makina opukusa magetsi ndi mphepo. Dzuwa tili nalo lokwanira ndi kutsala. Chimene chimapha zipangizo kuno ndi kutentha, ndipo amene saganizira za kutentha pogula ndi poika, ndalama zake zimapita m'madzi.

Musanapite kusitolo khalani pansi ndi cholembera. Chipangizo chilichonse chili ndi mawatsi ake olembedwa kumbuyo kapena pansi. Chulukitsani mawatsiwo ndi maola amene chimayaka patsiku, ndipo yankho lake ndi limene amisiri timalemba kuti Wh. Titenge nyumba wamba. Mababu 6 a 5W oyaka maola 5 ndi 150Wh. Fani ya 40W yozungulira maola 8 usiku ndi 320Wh, ndipo kuno faniyo musaichotse pamasamu, poti Okutobala akafika palibe amene adzagone osaiyatsa. Kanema wa 50W ndi dikoda ya 15W kwa maola 4 ndi 260Wh. Mafoni anayi ndi 60Wh. Zonse pamodzi zikuyandikira 800Wh patsiku.

Koma si mphamvu yonse yochokera padenga imene imafika pababu. Ina imatayikira m'mawaya, m'batire, mu inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ofanana ndi a ESCOM), ina imadyedwa ndi fumbi ndi kutentha. Ndiye gawani 800 ndi 0.7, mupeza pafupifupi 1,150Wh. Dzuwa limaoneka maola 12, koma lamphamvu loti n'kuwerengera ndi la maola ngati 5 basi. Gawani 1,150 ndi 5, mupeza 230W. Gulani panelo ya 300W kuti masiku amitambo a Januwale ndi Febuluwale asakugwireni pakhosi.

Mukaonjeza filiji nkhani imasinthiratu. Filiji yaing'ono kuno imatha kudya 1,200Wh patsiku chifukwa injini yake sipuma, choncho nyumba yomweyo yafika pa 2,000Wh. Pamenepo pafunika mapanelo a 700W kapena 800W onse pamodzi, ndipo n'kwanzeru kuchoka pa 12V kupita pa 24V kuti mawaya asatenthe. Ayironi, ketulo ndi mbaula yamagetsi, zomwe chilichonse chimadya 1,000W mpaka 2,000W, musaziganizire n'komwe pa sola yamsinkhu uwu.

Mawatsi olembedwa kumbuyo kwa panelo adayezedwa paneloyo ili pa madigiri 25. Ikatentha kuposa pamenepo imataya pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Ku Ngabu kapena ku Nsanje, mpweya ukadutsa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, panelo yogonekedwa pamalata imatha kufika 65 kapena 70, moti gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu yake lapita kale. N'chifukwa chake timati siyani mpata wa masentimita 10 mpaka 15 pakati pa panelo ndi malata kuti mpweya uzidutsa pansi. Iyang'ane kumpoto, poti tili pa madigiri 16 mpaka 17 kummwera kwa mzere wodula dziko pakati ndipo miyezi yambiri dzuwa limadutsira kumpoto kwathu. Ipendekeke madigiri 15 mpaka 20, zomwe zimathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Mabawuti alowe m'mitengo kapena zitsulo zonyamula denga. Panelo yomangidwa ndi waya pamalata okha imauluka nawo limodzi malatawo mphepo yoyamba ya dzinja ikabwera. Ndipo yang'anani mthunzi: nthambi imodzi ya nimu kapena tsamba la mgwalangwa likaphimba ngodya ya panelo, imafooka yonse, chifukwa timagalasi take tidalumikizidwa mondondozana ngati mikanda paulusi.

Mapanelo abodza nawo adadzaza m'misika. Njira yapafupi yowadziwira ndi tepi yoyezera. Panelo yamasiku ano imapereka pafupifupi 200W pa sikweya mita imodzi. Ikalembedwa 300W koma kukula kwake n'kofanana ndi thireyi ya mandasi, chomata chija n'chonama.

Pa kontorola, kachipangizo kokhala pakati pa panelo ndi batire, ndi pamene ambiri amaluza osadziwa. Zilipo za mitundu iwiri, PWM ndi MPPT. Panelo ya 300W imagwira bwino pa 32V mpaka 37V, ikutulutsa ma-ampi 8 kapena 9. Mukailumikiza ku batire ya 12V kudzera pa PWM, kontorolayo imaikokera pansi kufika pa mavolti a batire, ndiye ma-ampi 9 kuchulukitsa ndi 13V ndi 117W zokha. Mwalipira 300W, mukudya zosakwana theka. MPPT imasandutsa mavolti otsalawo kukhala ma-ampi, ndipo batire imatha kulandira ma-ampi oposa 20. Pa panelo ya 300W ndi batire ya 12V gulani MPPT ya 30A. PWM ndi yabwino pa timapanelo ta 100W kapena 150W ta 18V basi. Chenjerani ndi zopepuka ngati bokosi la machesi zolembedwa MPPT. Yeniyeni imalemera chifukwa mkati muli koyilo yamkuwa ndi zitsulo zoziziritsa. Polumikiza, yambani ndi batire kenaka panelo, ndipo pochotsa yambani ndi panelo. Mukasemphanitsa, kontorola zambiri zimasokonezeka kapena kupsa.

Tsopano batire, pamene pagona ndalama zambiri ndi misozi yambiri. Ya galimoto siyenera. Idapangidwa kuti ipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa polizitsa injini, kenaka idzazidwenso pompo. Mukamaikama usiku uliwonse imatha m'miyezi yochepa. Pafunika batire ya sola, yolembedwa deep cycle. Ngakhale imeneyo, ikakhala ya mtovu, kaya ndi ya madzi kaya ndi ya jelo, musamaimwe kupitirira theka. Kukula kwa batire timakulemba kuti Ah, ndipo mukagawa 800 ndi 12 mupeza kuti nyumba ya 800Wh ija ikufuna 67Ah pa 12V, kuwirikiza kawiri ndi 134Ah, ndipo kuti tsiku lamitambo lisaigwetse, gulani ya 200Ah. Ikwezeni pasikelo musanalipire. Batire yeniyeni ya 100Ah imalemera makilogalamu pafupifupi 30, ya 200Ah pafupifupi 60. Yopepuka kwambiri ndiye kuti mtovu ndi wochepa mkatimo, kaya chomata chikunena zotani.

Opanga mabatire a mtovu amawerengera moyo wake pa madigiri 25, ndipo madigiri 10 alionse oonjezera pamenepo amadula moyowo pakati. Batire yoti ikanakhala zaka 4 ku Dedza, kuno m'chipinda chotentha madigiri 35 ikhala zaka 2, ndipo mukaitsekera m'kabati pafupi ndi malata siifika n'komwe pamenepo. Mudzaiona m'mbali mwake mwatupa ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa chowawa, pamitu pake patuluka ufa woyera wobiriwirako, ndipo kontorola ikuonetsa kuti yadzaza pofika 9 koloko mmawa koma 8 koloko usiku mababu athima. Kudzaza msanga koteroko si chizindikiro chabwino ayi. Kukusonyeza kuti malo osungira mphamvu achepa. Choncho isankhireni chipinda chozizira kuposa zonse, chakummwera kwa nyumba, chamazenera olowa mpweya, kutali ndi khitchini ndi khoma lomenyedwa ndi dzuwa lamadzulo. Kontorola ikakhala ndi kawaya koyezera kutentha, kamateni pambali pa batire. Batire yotentha imafuna mavolti ochepera: m'malo mwa 14.4V, pa madigiri 35 iyenera kudzazidwa ndi 14.1V kapena 14.2V, apo ayi imawira n'kuuma madzi.

Apa pali kusamvana kumodzi kumene tiyenera kukunena poyera. Pansi ndi pamene pamazizira, koma pansi ndi pamenenso madzi osefukira amayambira. Amene adaona madzi a 2015, a Idai mu 2019 ndi a Freddy mu 2023 akudziwa kuti madzi akalowa m'nyumba usiku palibe amene anganyamule makilogalamu 60. M'madera ofikidwa ndi Shire, Ruo kapena Mwanza, mangani nsanja ya njerwa yotalika kuposa pamene madzi adalekeza pakhoma, ndipo inveta ndi kontorola zikhomedwe pamwamba pake. M'malo okwera, thabwa lokhuthala pansi ndi lokwanira.

Batire ya madzi muziitsegula pa masabata awiri alionse nyengo yotentha. Timapuleti tamkati tisamaonekere. Thiranimo madzi a batire okhaokha. Madzi a pamjigo kuno ambiri ndi amchere, mwini wake mumawamva pakamwa, ndipo mcherewo umaononga batire mosabwezeka. Asidi musaonjezere. Chimene chimauma ndi madzi, asidi amatsalamo. Gulani kamita koyezera mavolti, sikadula. Batire ya 12V ikapuma ola limodzi osayatsa kanthu, 12.7V ndiye kuti yadzaza, 12.1V kapena 12.2V yafika theka, ndipo pamenepo zimitsani kanema. Ikamagona pa 11.8V masiku angapo osadzaza, mkati mumauma zokhakhala zimene sizisungunukanso. Musaphatikize batire yatsopano ndi yakale, kapena ya 100Ah ndi ya 200Ah; yofooka imakokera inzake kumanda.

Amene thumba likuwalola, ife timawalangiza batire ya lithium ya mtundu wa LiFePO4. Imalola kumwedwa mpaka 80 peresenti kapena kupitirirapo, siifuna madzi, ndipo imadzazidwa ndi kutsitsidwa maulendo masauzande. Ya 24V 100Ah imasunga pafupifupi 2,500Wh, zokwanira nyumba ya filiji ija, pamene ya mtovu pangafunike awiri a 200Ah. Nayonso kutentha kumaikalambitsa, ndipo kontorola iyenera kutcheredwa pa lithium. Ikhale ndi BMS, kabolodi kamkati koiteteza. Zosonkhanitsidwa kuchokera ku mabatire akale a malaputopu n'kukulungidwa ndi tepi musazilowetse m'nyumba yogona ana.

Inveta ikhale yolembedwa pure sine wave ngati pali filiji kapena fani. Zotchipa zija zimaliritsa fani ngati njuchi ndipo zimatenthetsa injini ya filiji mpaka kupsa. Filiji ikamayamba imakoka kangapo kuposa mawatsi ake, choncho imafuna inveta ya 1,000W kapena 1,500W. Popanda filiji ya 500W ikukwana. Yaikulu mopitirira muyeso imangodya chabe: inveta yoyaka popanda ntchito imamwa 10W mpaka 20W, kutanthauza 240Wh mpaka 480Wh patsiku. Izimitseni pamene palibe chofuna kuyatsa.

Mawaya opyapyala ndiwo amawotcha nyumba. Inveta ya 500W pa 12V imakoka ma-ampi pafupifupi 50, ndipo imafuna waya wa 16mm² wosapitirira mita imodzi ndi theka, ndi fiyuzi ya 60A. Ya 1,000W pa 12V imakoka pafupifupi 100, waya wake ndi 35mm². Kuchoka padenga gwiritsani waya wa sola wa 4mm² kapena 6mm² wopirira dzuwa. Kawaya ka 1.5mm² kotalika mamita 10 kamataya mavolti oposa 2 pa ma-ampi 9. Palani waya ndi mpeni musanagule, ukayera mkati ndiye kuti ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba, usiyeni. Fiyuzi ikhale pafupi ndi mutu wofiira wa batire, osapitirira masentimita 20, chifukwa khoswe akatafuna waya m'denga, batire yopanda fiyuzi imafiiritsa wayayo ngati khala lamoto. Mawaya alowe m'mapaipi, ndipo kumitu kwa batire amangidwe ndi mabawuti, osati timano tongopanira. Khomani ndodo yamkuwa ya mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo panthaka yachinyezi, mulumikizeko chimango cha panelo, ndipo mphenzi zikamang'anima chotsani pulagi ya kanema ndi waya wa dishi.

Za makina amphepo tikufuna tinene mosapita m'mbali, chifukwa apa ndi pamene anthu akunamizidwa kwambiri. Mawatsi olembedwa pabokosi, tinene 400W, amatuluka mphepo ikamathamanga mamita 11 kapena 12 pa sekondi, mphepo yoti nthambi zikuluzikulu zikugwedezeka ndipo chitenje sichikhala pathupi. Mphamvu ya mphepo siitsika mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likatsika ndi theka, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Likatsika kuchoka pa 12 kufika pa 4, imatsala gawo limodzi mwa 27. Makina amapiko otambalala mita 1.2, pa kamphepo ka mamita 4 pa sekondi, amapereka 12W kapena 15W. Ngakhale kamphepoko katawomba usana ndi usiku osaleka, mwapeza pafupifupi 300Wh. Panelo imodzi ya 100W imapereka 350Wh patsiku, ilibe chozungulira, siifuna mlongoti, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Pansi pa mamita 3 pa sekondi makina ambiri amangozungulira kusangalatsa ana, batire osalandira kanthu.

Wina anena kuti kuno mphepo imasasula madenga. N'zoona, koma mphepo ya mkuntho wa theka la ola ndi kamvuluvulu wa m'chilimwe sizidzaza batire. Zimangothyola mapiko. Chofunika ndi mphepo yokhazikika ya tsiku ndi tsiku, ndipo chigwa chathu n'chotsika, Nsanje safika n'komwe mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, komanso chazingidwa ndi zitunda uku ndi uku. Sitikunena kuti makinawa alibe ntchito. Ubwino wawo ndi woti amatha kudzaza batire usiku ndi tsiku lamitambo, pamene panelo yagona. Pamalo okwera ndi oyera ngati mapiri a ku Chididi ndi ku Lulwe, kapena padambo lalikulu lopanda mitengo, munthu atha kuyesa. Koma ayambe wayeza. Kachipangizo koyezera liwiro la mphepo kakhale pamwamba pa mlongoti, pamsinkhu pomwe makinawo adzakhale, kwa chaka chathunthu kuti nyengo zonse zionekere. Liwiro lapakatikati likachepera mamita 5 pa sekondi, ndalamazo muonjezere panelo ndi batire.

Amene wayeza n'kupeza mphepo adziwe kuti walira mvula walira matope. Makinawa saikidwa padenga. Mphepo ya pafupi ndi nyumba imakhala yovundukavunduka, ndipo kunjenjemera kwake kumamasula misomali ndi kung'amba khoma. Amafuna mlongoti wa paipi yachitsulo wotalika mamita 9 kuposa mtengo kapena nyumba iliyonse yapafupi, mkati mwa mamita 150. Pamudzi wa milambe ndi misangu ndiye kuti mlongotiwo upitirira mamita 20. Umangidwe ndi zingwe zachitsulo mbali zinayi zozikidwa m'konkire, ndipo patsinde pakhale hinji kuti uzitha kugonekedwa. Kontorola ya sola siigwira pa makina amphepo. Ya sola batire ikadzaza imangodula panelo, ndipo panelo siivutika. Makina amphepo mukawadula chotero amazungulira opanda katundu, liwiro n'kukwera mpaka mapiko kuthothoka. Amafuna kontorola yawoyawo yokhala ndi chitsulo chotenthera chimene chimameza mphamvu yotsala, kuphatikizapo swichi ya buleki yogundanitsa mawaya atatu ochokera kumwamba. Azanyengo akachenjeza za namondwe, mangani buleki ndi kugoneka mlongoti mphepo isanayambe. Kawiri pachaka muutsitse, mumange mabawuti, muone ming'alu pamapiko ndi kumvetsera mabering'i, poti fumbi la kuno limawadya. Mlongoti wotere umaitananso mphenzi, choncho nawo ukhale ndi ndodo yake yamkuwa.

Panelo itsukeni kamodzi pasabata m'chilimwe, makamaka kufupi ndi minda ya nzimbe pamene phulusa limagwa nzimbe zikamawotchedwa. Tsukani mmamawa galasi lisanatenthe, ndi nsalu yofewa ndi madzi opanda mchere. Madzi ozizira pagalasi lotentha masana atha kuling'amba. Suzumiraninso m'mabowo a inveta, mavu amakonda kumangamo zisa zadothi n'kutseka kafani kake.

Kwa a MERA, amene amapereka ziphaso kwa oika magetsi, tikupempha kuti mndandanda wa amisiri ovomerezeka uzikhomedwa pamaofesi a DC ku Chikwawa ndi ku Nsanje komanso m'misika ikuluikulu, kuti munthu wa ku Chapananga kapena ku Makhanga athe kuona dzina asanapereke ndalama. A Malawi Bureau of Standards afike ndi sikelo ndi mita m'masitolo a pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ayeze mabatire ndi mapanelo ali pashelefu. Makhonsolo athu awiriwa akonzenso malo osonkhanitsira mabatire akufa. Pakali pano ambiri amaswedwa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, asidi n'kuthiridwa pansi pomwe nkhuku zimapalasa, mtovu n'kusungunulidwa pambaula ana ali pomwepo, chonsecho mtovu umaononga ubongo wa mwana. Kufikira malowo atapezeka, batire yakufa isungidwe yosatsegula, choimirira, pamthunzi, ndipo ibwezedwe kwa wogulitsa pogula yatsopano.

Ndife,
Amisiri a magetsi a sola,
Ngabu, Chikwawa